Andreas Vesalius, dokotala amene anasiyanitsa khosi la galu ndi la munthu

Gwirani fupa lopingasa limene lili pansi pa khosi lanu, lolumikiza phewa ndi chifuwa. Tsopano sisitani galu wanu pamalo omwewo. Simulipeza, chifukwa mwa galu fupali ndi kachidutswa chabe kobisika m'minofu, ndipo mwendo wake wakutsogolo umagwiridwa ku thupi ndi minofu yokhayokha. Kusiyana kotereku kunasokoneza madokotala kwa zaka zoposa 1,300, mpaka pamene Andreas Vesalius anayamba kufufuza yekha.

Vesalius anabadwa pa 31 December 1514 mumzinda wa Brussels. Bambo ake ankakonzera mankhwala Mfumu Charles V. Iye anaphunzira ku Leuven ndi ku Paris, ndipo mu 1537 anayamba kuphunzitsa za maopaleshoni payunivesite ya Padua ku Italy.

Pa nthawiyo ophunzira ankaloweza mabuku a Galen, dokotala wachigiriki wobadwa m'chaka cha 129. Mu ufumu wa Roma kung'amba mtembo wa munthu kunali kosaloledwa, choncho Galen ankatumbula anyani, nkhumba, ng'ombe ndi agalu, n'kumalemba zimene waona ngati za munthu. Ku Padua, woweruza wina analola Vesalius kugwiritsa ntchito mitembo ya anthu onyongedwa, ndipo iye ankaing'amba ndi manja ake pamaso pa ophunzira.

Zimene anapeza mungazitsimikize nokha. Gwirani chibwano chanu: nsagwada yam'munsi ya munthu wamkulu ndi fupa limodzi, pamene Galen ankati ndi mafupa awiri, monga zilili mwa galu. M'khosi mulinso minofu yotchedwa scalenus. Mwa munthu imathera pa nthiti ziwiri zoyambirira, koma mwa galu imatsika kwambiri pachifuwa. M'buku lake la De humani corporis fabrica, losindikizidwa ku Basel mu 1543, Vesalius anaika dala mnofu wa galuwu pa chithunzi cha munthu kuti owerenga aone pamene Galen anasokonezera.

Anzake ena sanakondwere. Mphunzitsi wake wakale, Jacobus Sylvius, anamunyoza poyera chifukwa chotsutsa Galen. Vesalius anasiya uphunzitsi n'kukhala dokotala wa Charles V, kenako wa Philip II wa ku Spain. Anamwalira pa chilumba cha Zakynthos mu October 1564, pobwerera kuchokera ku Jerusalem, ali ndi zaka 49.

Nkhaniyi ikukukhudzani bwanji? Thupi la chiweto si la mwana wanu, n'chifukwa chake mankhwala a ziweto sapatsidwa kwa anthu, ndipo mankhwala ena a anthu monga ibuprofen amatha kupha galu. Ngakhale anthu okhaokha sitifanana ndendende. Ena alibe kamnofu kena ka padzanja koma ali bwinobwino. Inu alangizi a zaumoyo, buku likuthandizeni, komabe muyezeni mwana amene ali patsogolo panu. Mukaona chotupa pakhosi kapena khosi lopendekera mbali imodzi, musaganizire nokha. Mutumizeni kuchipatala akamuone.