Mary Livingstone—Mayi Amene Analerera Ana Ake m'Ngolo

M'JANUARY 1859, anthu a m'mphepete mwa mtsinje wa Shire anaona chinthu chachilendo: chombo chachitsulo chofuka utsi chikukwera mtsinjewo popanda opalasa. Mwini ulendowo anali David Livingstone, ndipo chombocho chinatchedwa *Ma Robert.* Limenelo linali dzina la mkazi wake, Mary. Mofanana ndi Acheŵa, Atswana amalemekeza mayi mwa kumutcha ndi dzina la mwana wake wachisamba. Chotero kwa iwo Mary anali Mma-Robert, ndiko kuti Amake Robert.

Komabe, mwini dzinalo sanali m'chombomo. Iye anali kutali ku Kuruman, kwa makolo ake, akuyamwitsa khanda la miyezi iŵiri limene atate wake anali asanamve nkomwe kuti linabadwa. Kodi mkazi ameneyu anali yani? Ndipo kodi maulendo otchuka a mwamuna wake anatanthauzanji kwa iye ndi kwa ana ake aang'ono?

Analeredwa Pakati pa Atswana

Mary anabadwa pa April 12, 1821, ku Griquatown, m'dziko limene tsopano ndilo South Africa. Anali mwana woyamba wa Robert ndi Mary Moffat, amishonale a London Missionary Society. Anakulira ku Kuruman, ndipo analankhula Chitswana monga mbadwa. Atafika zaka pafupifupi khumi, makolo ake anakamsiya pasukulu yogonera komweko ku Salem, ulendo wa milungu ingapo pangolo. Motero iye mwini anadziŵa ali wamng'ono kuŵaŵa kwa kusiyidwa ndi amake.

Banjalo linakhala ku Britain kuyambira 1839 kufikira 1843, pamene Robert Moffat anali kusindikiza Malemba m'Chitswana. Atabwerera ku Kuruman, Mary anayamba kuphunzitsa sukulu ya ana aang'ono. Kuchiyambi kwa 1844, David Livingstone anajiwa phewa ndi mkango ku Mabotsa, ndipo pambuyo pake anapita ku Kuruman kukapumula. Kumeneko anafunsira Mary patsinde pa mtengo wa m'munda mwa atate wake, ndipo aŵiriwo anakwatirana m'January 1845.

Tsiku la Mayi ku Kolobeng

M'zaka zitatu zoyambirira za ukwati wawo, iwo anasamuka kaŵiri. Potsirizira pake, mu 1847, anamanga pa Kolobeng, pafupi ndi pamene lerolino pali Gaborone, pakati pa Abakwena a Mfumu Sechele. Robert anabadwa mu 1846, Agnes mu 1847, ndipo Thomas mu 1849. Amayi achikulire a kumudzi akanati Mary anali kutumbiza. Pamene wina anali kuphunzira kuyenda, wina anali kubere, ndipo kaŵirikaŵiri wina anali m'njira.

Kolobeng anali pamtunda wa makilomita oposa 400 kuchokera ku Kuruman, ndipo panalibe sitolo. Chilichonse chofunika panyumba chinayenera kupangidwa ndi manja. Mkate unali kuphikidwa m'dzenje lokumbidwa m'chulu, lotsekedwa ndi mwala waphanthiphanthi. Batala ankapangidwa mwa kutakasa mkaka mumtsuko, ndipo makandulo ankaumbidwa ndi mafuta anyama m'zikombole zamtengo. Sopo ndiye anali wotopetsa koposa, pakuti phulusa la nkhuni linali lofooka kwakuti madzi ake anafunikira kuŵiritsidwa kwa mwezi wathunthu kapena kuposerapo asanasandutse mafuta kukhala sopo. Zovala za ana zinali zosoka yekha.

Mmaŵa wonse Mary ankakhala pantchito zoterozo. Masana, pamene mwamuna wake anali kupumula pang'ono, kaŵirikaŵiri iye ankangonyamuka kumka kusukulu yake ya ana aang'ono. Ana a Abakwena ankabwera mwa kufuna kwawo, popanda wowakakamiza, masiku ambiri okwanira 60 ndipo nthaŵi zina 80. Ankaphunzitsanso atsikana kusoka. Mkazi amene ana 80 amamthamangira popanda chikwapu ayenera kuti anali kudziŵa mtima wa mwana, ngakhale kuti alendo achizungu ena anamuona kukhala wosalankhulalankhula ndi wosasamala za kavalidwe.

Ndiyeno kunagwa chilala chimene chinatenga zaka. Mtsinje wa Kolobeng unaphwa, ndipo anthu anali kufukula mchenga kuti apeze madzi. Chimanga chitatha, banjalo linadyapo gaga, ndipo nyama itasoŵa linadya dzombe. Anansi awo achifundo ankapatsa anawo mbozi zikuluzikulu zonga mphalabungu ndi achule aakulu, ndipo iwo ankazidya mokondwa. Anawo sanadzione kukhala ovutika. Anali ndi amawo, atate wawo, ndi anzawo oseŵera nawo. Zaka zochepa za pa Kolobeng zimenezo ndizo zomalizira zimene banjali linakhala m'nyumba yakeyake.

Ana Aang'ono m'Chipululu

David sanakhazikike mtima. Mu 1849 iye ndi William Cotton Oswell anadutsa chipululu cha Kalahari nafika pa Nyanja ya Ngami. Chaka chotsatira anaganiza zobwererako ndi banja lonse, popeza anafuna kupeza malo atsopano a mishoni kumpoto. Robert anali ndi zaka zinayi, Agnes pafupifupi zitatu, Thomas chimodzi, ndipo Mary anali ndi pakati.

Tayerekezerani kulera ana a misinkhu imeneyo m'ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, imene ikukwawa mumchenga kwa miyezi. Mwana wa chaka chimodzi samamva kuti madzi ngoŵerengera. Amalira akamva ludzu, amafuna kutsika kuti ayende, ndipo amatola chilichonse naika mkamwa. M'mphepete mwa mtsinje wa Zouga, umene tsopano umatchedwa Boteti, udzudzu unkaluma anawo kwakuti pofika mmaŵa thupi lonse linali zidzolo zokhazokha. Atafika kunyanjako, ana aŵiri anagwidwa ndi malungo, ndipo banjalo linabwerera. Mary anachira m'August 1850, atangofika kumene ku Kolobeng. Khandalo, Elizabeth, linamwalira patapita milungu isanu ndi umodzi, ndipo mbali imodzi ya nkhope ya Mary inachita dzanzi.

Atamva kuti ulendo wina ukukonzedwa mu 1851, pamene Mary analinso ndi pakati, amake analembera mkamwini wawo kalata yaukali. Anamkumbutsa za khanda limene linatayika ndi kumchonderera kuti asaikenso mwana wawo ndi adzukulu awo pangozi. Kalatayo sinaletse ulendowo. Ndipo Mary mwiniyo sanafune kutsala, pakuti anali atalaŵa kale kukhala yekha ndi makanda kwa miyezi pamalo achilala, popanda dokotala wina kusiyapo mwamuna wakeyo.

Paulendo umenewu wowatsogolera, Shobo, anasokera ndipo kenako anawathaŵa. Madzi a m'ngolo anali atatayidwa ndi mmodzi wa antchito, ndipo otsala ochepawo anasungidwira ana. Pamene madziwo anali kuchepa, m'pamenenso anawo anawalirira kwambiri. David anadzalemba kuti mkazi wake sanatulutse liwu lililonse lomuimba mlandu, koma maso ake anali odzaza misozi, ndi kuti kukanakhala kopepukirapo kwa iye ngati akanakalipiridwa. Madzi anapezeka masana a tsiku lachisanu.

Iwo anafika kwa Sebetwane, mfumu ya Amakololo, pafupi ndi mtsinje wa Chobe. Posapita nthaŵi mfumuyo inadwala chibayo. David atapita kukaizonda limodzi ndi Robert wazaka zisanuyo, Sebetwane anadzutsa mutu nalamula kuti mwanayo apite naye kwa mmodzi wa akazi ake kuti akampatse mkaka. Amenewo ndiwo anali mawu omalizira amene David anamva kwa mfumuyo, imene inamwalira m'July 1851. Pobwerera, m'September, Mary anabala mwana wamwamuna m'mphepete mwa Zouga. Anamutcha William Oswell, koma pabanjapo anangodziŵika kuti Zouga.

Mlendo m'Dziko la Makolo Ake

David anavomereza kuti ana sangapirirenso zotero. Koma m'malo moleka maulendowo, iye anatumiza banja lake ku Britain. Pa April 23, 1852, Mary ndi ana anayi anakwera sitima ku Cape Town, atavala zovala zimene Oswell anawagulira. Pangano linali lakuti adzaonananso patapita zaka ziŵiri. Zinakwana zinayi ndi theka.

Mabanja ambiri a Acheŵa amalidziŵa pangano lotero. M'zaka za zana la 20, amuna zikwi zambiri a ku Nyasaland anapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi yonga Cam and Motor pafupi ndi Kadoma ndi Dalny ku Chakari, ndiponso m'mafamu a ku Chegutu ndi cha ku Ngezi. Ambiri anatsazika kuti adzabwera zaka ziŵiri zikatha, ndipo ena anasanduka matchona, ana awo nakula osawadziŵa nkhope. Komabe, mkazi wa mtchona ankatsala pamudzi pakati pa abale ake, ali ndi munda ndi amalume a anawo pafupi. Mary ndiye amene anachotsedwa kwawo, mwamuna wake natsala m'Afirika.

Choyamba anakakhala ndi apongozi ake ku Hamilton, m'Scotland, koma sanamvane, ndipo patangopita miyezi anachokako. Anayendayenda m'zipinda zalendi m'matauni osiyanasiyana, akumalembera akuluakulu a mishoni makalata opempha ndalama. Mkazi amene ankadziŵa kupanga sopo ndi phulusa sanadziŵe kukhala m'dziko limene ngakhale moto wophikira unali wogula. Anadwala kwakayakaya, ndipo banja la Braithwaite la ku Kendal ndilo linamtenga ndi kumdwazika. Kwa miyezi yambirimbiri sanali kudziŵa ngati mwamuna wake akali moyo. Nyumba yawo ya ku Kolobeng inali itafunkhidwa ndi Mabunu m'August 1852, chotero analibenso kwawo kobwerera.

Panthaŵiyo David anayenda kukafika ku Luanda, natembenuka kutsata Zambezi, kudzera pa Tete, mpaka ku Quelimane mu 1856. Anafika ku Britain m'December chaka chimenecho ali ngwazi. Zouga, amene anamsiya ali ndi miyezi isanu ndi iŵiri, anali mnyamata wazaka zisanu.

Mwamuna Kapena Mwana?

Mary anatsimikiza mtima kusalekananso ndi mwamuna wake. M'March 1858 ananyamuka naye kumka ku Zambezi. Koma ali panyanja anazindikira kuti ali ndi pakati, ndipo anatsikira ku Cape Town kuti apite ku Kuruman. Anna Mary anabadwa m'November 1858, ndipo panapita pafupifupi chaka atate wake asanalandire uthengawo. Mary anabwerera ku Scotland kumene kunali ana enawo. Makalata a anthu amene anamdziŵa m'zaka zimenezo amasonyeza kuti anali wopsinjika mtima, kuti chikhulupiriro chake chinagwedezeka, ndi kuti anayamba kumwa.

Mu 1861 David anamuitana. Tsopano Mary anayang'anizana ndi chosankha chimene palibe mayi angachikhumbe. Zambezi anali malo a malungo, osayenera mwana. Kupita kunatanthauza kusiya kamtsikana ka zaka ziŵiri ndi theka, pamsinkhu umene mwana amalondola amake ngakhale popita kukatunga madzi. Kutsala kunatanthauza zaka zinanso za kusungulumwa. Iye anapita, ndipo Anna Mary sanadzawaonenso amake.

Mary anafika pamathiriro a Zambezi chakumapeto kwa January 1862, limodzi ndi zidutswa za sitima yatsopano, *Lady Nyassa,* imene inayenera kulumikizidwa ndi kutengeredwa ku Nyanja ya Malaŵi. Ntchitoyo inachedwa, ndipo gululo linakhala miyezi yoipitsitsa ya malungo kumunsi kwa mtsinjewo. Pa April 21 Mary anadwala. Dr. John Kirk ndi mwamuna wake anayesa mankhwala a kwinini, koma thupi lake silinawalandire. Anamwalira pa April 27, 1862, ku Shupanga, m'Mozambique, ali ndi zaka 41, ndipo anaikidwa pafupi ndi mtengo waukulu wa mlambe. Pazaka 17 za ukwati wawo, zimene anakhala pamodzi sizinafike theka.

Chimene Atate Anadandaula Nacho

Robert, mwana amene anapatsa amake dzina, ndiye anavutika koposa. Pokhala atasinthasintha masukulu ndi omlera, anakula wosamvera aliyense. Mu 1863 anafika ku Natal pofuna kukapeza atate wake ku Zambezi, koma analephera. Anakathera ku America, kumene analoŵa usilikali m'nkhondo yachiŵeniŵeni akumadzitcha Rupert Vincent. Anagwidwa ukaidi, ndipo anamwalira ku Salisbury, North Carolina, m'December 1864, ali ndi zaka 18.

Chaka chomwecho David anaona Anna Mary kwa nthaŵi yoyamba. Mtsikanayo anali ndi zaka zisanu, akuleredwa ndi azakhali ake ku Hamilton, ndipo anachita manyazi ndi mlendoyo. M'August 1865 atate wake ananyamukanso.

Mu 1870, ali wodwala m'dziko la Amanyema, kumadzulo kwa Nyanja ya Tanganyika, David anasinkhasinkha za zaka zake pakati pa Abakwena. Analemba kuti panali chinthu chimodzi chokha chimene chinamuŵaŵa mtima: pamene anali kuthera nyonga yake yonse pa kuphunzitsa ena, sanaone kuti linalinso thayo lake kupatula nthaŵi yoseŵera ndi ana ake. Madzulo ankakhala atatopa kwambiri, ndipo anawo anakula iye kulibe. Pamene anali kulemba zimenezo, Anna Mary anali ndi zaka pafupifupi 12. David anamwalira m'May 1873 pamudzi wa Chitambo, m'dziko limene tsopano ndilo Zambia, asanamuonenso.