Jim Reeves, mawu aja a mu wayilesi ya agogo

Anzanga, ngati munakulira kuno ku Santhe, mawu ake munawamvapo ndithu. Mwina munali m'chigafa kusoka fodya Lamulungu masana, kawayilesi ka agogo kali pambali, kenako n'kumveka bambo wa mawu okhuthala koma ofatsa akuyimba za Mulungu. Ameneyo ndi Jim Reeves. Ambiri timangoti nyimbo za madala, koma mbiri yake ikutikhudza ife achinyamata.

Anabadwa pa 20 Ogasiti 1923 ku Texas, m'dziko la America, m'banja la alimi osauka. Bambo ake anamwalira iye ali khanda, ndiye mayi ake ndi amene analera ana onse ndi ntchito ya kumunda. Mtima wake unali pa masewero a baseball, ndipo anafika posewera m'matimu ang'onoang'ono a St. Louis Cardinals. Kenako anavulala mwendo, basi maloto onse n'kuthera pomwepo.

Mukanakhala inu mukanatani? Mnzathuyu anakapeza ntchito youlutsa mawu pa wayilesi, n'kumayimbako apo ndi apo. Mu 1953 nyimbo yake ya Mexican Joe inafika pa nambala wani pa nyimbo za country, ndipo mu 1955 analowa kampani ya RCA.

Kutchuka sikunamuiwalitse Mulungu. Ndalama zikulowa kale, anajambula chimbale cha God Be With You, kenako We Thank Thee mu 1962, zonse za nyimbo zauzimu. Sankakuwa poyimba. Ankayandikira mayikolofoni n'kumayimba motsitsa ngati munthu amene akupemphera kuchipinda. N'chifukwa chake ngakhale agogo osamva Chingerezi amangoti zii ikayamba.

Mu 1962 anakayimba ku South Africa, nthawi imene azigogo athu ambiri anali ku migodi ya ku Joni, ndipo chaka chotsatira anabwereranso kukajambula filimu ya Kimberley Jim.

Pa 31 Julayi 1964, patangotha masabata atatu ndi masiku ochepa Malawi atalandira ufulu, ndege yaing'ono imene ankayendetsa yekha inakumana ndi mvula yamkuntho pafupi ndi Nashville n'kugwa. Anafera pomwepo limodzi ndi Dean Manuel, womuyimbira piyano. Anali ndi zaka 40 zokha.

Tsono inu amene mayeso a Fomu 4 sanayende bwino, kapena bondo linakuchotsani m'timu, kapena mabelo anabwerera ku okushoni, musafulumire kunena kuti zanga zada. Jim anayimba zaka zochepa chabe, koma mwendo uja ukanapanda kuvulala mwina sitikanamumva n'komwe. Sabata ino kapempheni agogo akuuzeni kumene anayamba kumumvera, ndipo nyimbo imene atchuleyo mubwere nayo ku kalabu tidzamvere limodzi.