Charles Darwin, mnyamata wokonda tizirombo

Charles Darwin adabadwa m'caka ca 1809. Kwawo kunali ku Shrewsbury, m'dziko la England. Bambo ake anali dokotala. Mayi ake adamwalira iye ali ndi zaka 8.

Charles sankakonda kukhala m'kalasi. Ankakonda kutola miyala, zigoba ndi tizirombo.

Tsiku lina adagwira zikumbu ziwiri, cina kudzanja lamanja, cina kumanzere. Kenaka adaona cacitatu. Kodi akadacigwira ndi ciyani? Adaponya cimodzi m'kamwa! Cikumbuco cidatulutsa madzi owawa, ndipo iye adacilavula msanga. Ana inu, musayese zimenezi.

Bambo ake adamutumiza ku Edinburgh kuti akaphunzire udokotala. Nthawi imeneyo odwala ankawacita opaleshoni ali maso. Charles adacita mantha ndi kulira kwawo, nasiya maphunzirowo.

M'caka ca 1831 adakwera combo cochedwa Beagle. Ulendo udatha zaka 5. Mafunde ankamudwalitsa, koma sadabwerere. Ku Argentina adafukula mafupa a nyama zikuluzikulu zimene zidatha kalekale. Ku zilumba za Galápagos adaona akamba aakulu zedi, oti munthu n'kukwerapo. Anthu a kumeneko adamuuza kuti cilumba ciriconse ciri ndi akamba a mtundu wake.

Atabwerera kwawo, Darwin adaganiza zaka zambiri. Adaweta nkhunda, naziyang'anitsitsa. Adaona kuti ana a mayi mmodzi safanana ndendende. Ana amabadwa ambiri, koma cakudya sicikwanira onse. Pa cilumba couma, kamba wa khosi lalitali amafikira masamba a m'mwamba. Ameneyo amakhuta, nabala ana a makosi aatali. Pakapita zaka zambirimbiri, mtundu wonse umasintha.

Darwin adacedwa kuuza anthu, cifukwa ankadziwa kuti ena adzakwiya. M'caka ca 1858 adalandira kalata ya Alfred Wallace, amene adaganiza cimodzimodzi. Pamenepo Darwin adafulumira. Buku lake, On the Origin of Species, lidatuluka m'caka ca 1859. Ena adakwiyadi, ena adakondwa.

Atakalamba adalemba buku la nyongolotsi. Adaonetsa kuti zimalima nthaka ndi kuipatsa conde.

Darwin adamwalira m'caka ca 1882, ali ndi zaka 73. Adamuika m'chalichi ca Westminster Abbey, mu mzinda wa London.