Sargent: katswiri amene anayamba ndi kukopera

Kusukulu anatiphunzitsa kuti kukopera ndi kuba, ndipo pa mayeso sindikutsutsa. Koma lero ndikufuna ndikuuzeni za John Singer Sargent, munthu amene anatchuka pojambula nkhope za anthu ndi penti wa mafuta.

Mkuluyu anabadwira ku Florence m'chaka cha 1856, makolo ake anali a ku America. Mu 1874 anayamba kuphunzira ku Paris kwa Carolus-Duran, mphunzitsi amene ankafuna kuti ophunzira azipaka penti pachinsalu mwachindunji, osati kuyamba ataya masiku akulembalemba ndi pensulo. Mphunzitsiyu ankalemekeza kwambiri Velázquez, katswiri wa ku Spain amene anamwalira mu 1660.

Tsono mu 1879 Sargent ananyamuka ulendo wa ku Madrid, nakakhala m'nyumba yosungiramo zithunzi ya Prado, bulashi kumanja, kukopera ntchito za Velázquez, kuphatikizapo Las Meninas ya mu 1656. Chaka chotsatira anakachita zomwezo ku Haarlem ndi zithunzi za Frans Hals. Apatu, abale anga, mvetsani: kuyang'ana chithunzi kumangokuuza kuti n'chokongola, basi. Koma ukati uchijambulenso wekha, umakakamizika kupeza kuti mwiniwake anasakaniza mitundu iti, mthunzi wa patsaya unayambira pati, nanga bulashi inadutsa kangati. Ukalakwitsa, choyambacho chili pomwepo kukutsutsa.

Zipatso zake zinaoneka mu 1882 pamene anajambula ana aakazi anayi a Edward Darley Boit m'chipinda chamdima. Wodziwa Las Meninas amazindikira msanga kumene mdimawo unachokera, komabe palibe anganene kuti chithunzicho n'cha Velázquez.

Chomwe chinamuika m'madzi si kukopera ayi. Mu 1884 anaonetsa chithunzi cha Virginie Gautreau, chimene lero timati Madame X, lamba wa diresi atatsetsereka paphewa. Anthu a ku Paris anakwiya ngati kuti sanaonepo phewa chibadwire! Lambayo anadzamukonza, koma makasitomala anali atathawa kale. Inu a malonda mukudziwa ululu wake. Anasamukira ku London, kumene olemera anayamba kumulimbirana.

Cha m'ma 1907 anatopa ndi nkhope za anthu a ndalama, n'kusiya kulandira maoda ambiri otere. Madame X anakhala nayo yekha zaka zoposa 30, mpaka mu 1916 pamene anaigulitsa ku Metropolitan Museum ya ku New York. Anamwalira ku London mu 1925.