ROBERT BUNSEN: KATSWIRI AMENE ANAZINDIKIRA ZINTHU NDI LAWI LA MOTO

Mwana aliyense amene analowako m'cipinda ca sayansi ku sukulu ya sekondale adziwa kambaula ka gasi kochedwa Bunsen burner. Koma ndi owerengeka amene adziwa mbiri ya mwini dzinalo, munthu amene anapatsa dziko lapansi njira yodziwira zimene ziri m'kati mwa mwala, madzi, ngakhale dzuwa lenileni.

A Robert Wilhelm Bunsen anabadwa m'mwezi wa March caka ca 1811 mu mzinda wa Göttingen m'dziko la Germany. Iwo anali cisiriza mwa ana amuna anai, ndipo atate ao anali mphunzitsi ndiponso mkulu woyang'anira nyumba ya mabuku pa yunivesite ya mumzindamo. Pa yunivesite yomweyo ndi pamene mnyamatayu anaphunzira kemisitiri, ndiye kuti sayansi yofufuza m'mene zinthu zinapangidwira ndi m'mene zisinthira zikasakanizidwa.

Nchito yao yoyamba inali ya poizoni woopsya wochedwa arsenic, amene m'masiku amenewo anali kupha anthu ambiri. M'caka ca 1834, mothandizana ndi sing'anga wina dzina lace Arnold Berthold, anapeza kuti mankhwala ena a citsulo, ofanana ndi dzimbiri, amagwira poizoniyu m'mimba kotero kuti salowa m'magazi. Koma nchito ya arsenic inawadya mwini wace. Ali ku Kassel ndi ku Marburg anafufuza cacodyl, mankhwala onunkha koipa amene amayaka okha akakhudzana ndi mpweya. Tsiku lina botolo linaphulika, ndipo diso lao la kumanja silinaonenso kufikira imfa yao. Nthawi inanso anatsala pang'ono kufa ndi poizoni yemweyo. Zonsezi sizinawabweze m'mbuyo.

A Bunsen anali munthu wosakhulupirira zongoganizira. Anali kufuna kupima ndi kuyeza ciri conse. Anatapa utsi wocokera m'ng'anjo zosungunuliramo citsulo, naupima, ndipo anaonetsa kuti ng'anjo za ku Germany zinali kutaya pacabe pafupi-fupi theka la mphamvu ya makala. Pamodzi ndi a Lyon Playfair anapima ng'anjo za ku England, napeza kuti kumeneko kutayako kunali kwakukuru koposa. Analangiza eni mafakitale kuti utsiwo aziubweza ndi kuutenthanso m'malo moutaya.

M'caka ca 1852 anasamukira ku yunivesite ya Heidelberg. Nyali za gasi za nthawi imeneyo zinali ndi lawi lacikasu, la mwaye wambiri ndi losatentha kwenikweni. Tsono mu 1855, iwo ndi mmisiri wa pa yunivesite, a Peter Desaga, anakonza kambaula kokhala ndi ziboo m'munsi. Mpweya umalowera pa ziboozo ndi kusakanizana ndi gasi asanayake, motero lawi limakhala lotentha kwambiri, lopanda mwaye ndiponso losaoneka-oneka.

Lawi lotereli ndilo linatsegula khomo la nchito yao yaikuru. Kuyambira kale akatswiri anali kudziwa kuti mcere wa m'ndiwo ukaikidwa pa moto lawi limasanduka lacikasu, ndipo mkuwa umalisandutsa lobiriwira. Bvuto linali lakuti zinthu zikasakanizana, mtundu wina umaphimba unzace ndipo diso limanyengeka. Mu 1859 a Bunsen ndi bwenzi lao a Gustav Kirchhoff anapanga cipangizo cochedwa spectroscope. Kuwala kwa lawi kumalowa pa kampata kakang'ono, nkupyola galasi la ngodya zitatu limene limakumwaza monga utawaleza. Iwo anaona kuti cinthu ciri conse cimaonetsa mizere yace-yace yowala, pa malo ace osasintha, monga m'mene cidindo ca cala ca munthu sicifanana ndi ca mnzace. Ngakhale kanthu kocepa kosatheka kukayeza pa sikelo kanali kudziulula.

Mu 1860, popima madzi a pa kasupe wa ku Dürkheim, anaona mizere iwiri ya mtundu wa thambo imene sinali ya cinthu ciri conse codziwika. Anaphwetsa matani pafupi-fupi 40 a madziwo kuti apeze timagalamu towerengeka ta mcere wace, ndipo citsulo catsopanoco anacicha caesium. Mu 1861 anapezanso cina ca mizere yofiira, nacicha rubidium. A Kirchhoff anagwiritsa nchito njira yomweyi poonetsa kuti m'dzuwa muli sodium ndi citsulo. Pambuyo pace akatswiri ena anazindikira mpweya wa helium m'kuwala kwa dzuwa mu 1868, zaka 27 usanapezeke pansi pano.

Ngakhale zinthu zimene anatulukira zikanawalemeretsa, a Bunsen sanalembetse ciri conse kuti cikhale cao-cao, koma analola kuti onse azigwiritsa nchito mwaulere. Sanakwatire, ndipo moyo wao wonse unathera pa kuphunzitsa ana a sukulu ocokera m'maiko osiyana-siyana. Mu 1877 iwo ndi a Kirchhoff anakhala oyamba kulandira mendulo ya Davy kucokera ku bungwe la Royal Society. Anapumula pa nchito mu 1889, namwalira ku Heidelberg pa 16 August 1899 ali ndi zaka 88.

Nchito yao siinafe nao. Mu 1955 a Alan Walsh a ku Australia anaikonzanso nakhazikitsa njira yochedwa atomic absorption, imene imauza osati dzina lokha la citsulo komanso kucuruka kwace. Ndi makina a mtundu umenewu akatswiri a ku migodi, kuphatikizapo ya ku Copperbelt, amadziwa mkuwa ndi kobati amene ali m'mwala usanapite ku ng'anjo, ndipo a zaumoyo amapima mtobvu m'madzi ndi m'magazi a ana.