Malemu Paul Ngozi, Katswiri wa Gitala wa ku Chibolya

Ku Kabwata, mu mzinda wa Lusaka, kuli mseu wochedwa Paul Ngozi. Anyamata ambiri amene amayenda pa mseu umenewu sanamuone mwini dzinalo, pakuti papita zaka zoposa 35 cimwalirire. Koma akuluakulu amene anali ndi wailesi m'zaka za m'ma 1970, kaya ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke, akali kukumbukira kulira kwa gitala ya munthu ameneyu.

Dzina lao leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa pa 10 January 1949, ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ya anthu osauka kufupi ndi pakati pa mzinda wa Lusaka. Masiku amenewo anyamata a m'tauni anali kumvetsera nyimbo za azungu a ku Mangalande ndi za Jimi Hendrix wa ku America. A Nyirongo anaphunzira maimbidwe amenewa. Gitala yao inali ya magetsi, yolumikizidwa ku kabokosi kamene kanali kusanduliza mau ace kukhala aukali ngati cigayo cikamagaya cimanga. Nthawi zina anali kuiimba ndi mano pamaso pa khamu la anthu. Cifukwa ca zodabwitsa zotere, dzina lakuti Ngozi linawakhala mpaka imfa yao.

Asanakhale ndi gulu lao-lao, anaimbako m'gulu la Musi-O-Tunya, limene linakhala nthawi ku Nairobi m'dziko la Kenya. Atabwerera kwao anayambitsa gulu la Ngozi Family, limene munaimbanso a Chrissy Zebby Tembo oimba ng'oma ndi a Tommy Mwale oimba gitala ya besi. Inali nthawi yabwino kwa oimba. Pakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleri wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi, 95 zikhale za m'Zambia. Motero marekodi a Ngozi Family, monga Day of Judgement ya mu 1976 ndi 45,000 Volts ya mu 1977, anamveka m'dziko lonse.

Oimba gitala aluso analipo ambiri, koma a Ngozi anakondedwa koposa cifukwa ca nkhani za m'nyimbo zao. Anatenga maimbidwe acilendo nawagwiritsa nchito pofotokoza moyo wa munthu wamba, m'Cingelezi ndi m'Cinyanja ca mu Lusaka. Anaimba za umphawi wa m'komboni, za makolo otha ndalama ku mowa ana ali ndi njala, ndiponso za miseche imene imapasula mabanja. Ndiwo milandu yomweyo imene imakambidwa pa bwalo la mfumu kumudzi, ndipo n'cifukwa cace ngakhale munthu amene sanapondepo Lusaka anali kumva kuti nyimbozo zikunena za iye.

Mwai uja sunakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira mu 1975, ndalama zinasowa, ndipo anthu analeka kugula marekodi. Ndege za asilikali a Rhodesia zitayamba kuponya mabomba m'dziko lino mu 1978, kuyenda usiku kunaletsedwa nthawi zina, ndipo oimba anasowa koimbira. Pambuyo pace kunabwera nyimbo za disko ndi za kalindula. A Ngozi anapitiriza kuimba m'zaka zovutazo, mpaka anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Zinali zaka za maliro osatha, pamene matenda a Edzi anatha oimba ambiri a mbadwo umenewo, kotero kuti panatsala owerengeka oti n'kuphunzitsa ana. Marekodi ambiri anasweka, ena anataika, ndipo zinaoneka ngati nchito yonse ija yaikidwa m'manda pamodzi ndi eni ace.

Koma mau a gitala ija sanafe. Kampani ya ku America yochedwa Now-Again inafunafuna marekodi akale a oimba a m'Zambia niwatulutsanso, ndipo nyimbo zimenezi, zodziwika ndi dzina lakuti Zamrock, zinafika kwa anthu a maiko akutali. Mu 2024 woimba wochuka wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family yochedwa Nizakupanga Ngozi naciika m'nyimbo yace yochedwa Noid. Acinyamata miyandamiyanda amene sadziwa kumene kuli Chibolya anamva Cinyanja kwa nthawi yoyamba kucokera pakamwa pa a Paul Ngozi.

Ulemu umenewu unafika mwini wace atagona kale zaka 35. Amene akali kusunga lekodi ya Ngozi Family m'sutikesi kapena pansi pa bedi aisamale, ndipo akapeza mpata auzeko adzukulu ao za munthu amene anaiimba.