Pandita Ramabai, Mayi wa Atsikana Otayidwa a ku India

Amayi anzanga, pa 30 Epulo chaka chilichonse Mpingo wa Anglican ku England umakumbukira mayi wina wa ku India, Pandita Ramabai. Kwa ambiri a ife dzinali ndi lachilendo, koma funso limene mayiyu analimbana nalo moyo wake wonse timalidziwa bwino: kodi mtsikana akamasinkhuka apite kusukulu kapena kubanja?

Ramabai anabadwa pa 23 Epulo 1858. Masiku amenewo, m'mabanja apamwamba a Chihindu, mtsikana ankakwatiwa asanathe msinkhu. Amayi ake, a Lakshmibai, analowa m'banja ali ndi zaka 9 zokha. Koma bambo ake, a Anant Shastri Dongre, anachita zimene anzawo anaziona ngati kuswa mwambo. Anaphunzitsa akazi awo Sanskrit, chiyankhulo cha mabuku opatulika a Chihindu, chimene chinali cha amuna okha. Amayiwo nawonso anaphunzitsa mwana wawo, ndipo bambowo anakana kumukwatitsa akadali wamng'ono.

M'zaka za m'ma 1870 kunagwa njala yoopsa ndipo makolo onse awiri anamwalira. Ramabai ndi mlongo wake Srinivas anayenda mitunda italiitali mpaka anafika mumzinda wa Calcutta m'chaka cha 1878. Kumeneko akatswiri a Sanskrit anamuyesa ndi mafunso, nazizwa ndi nzeru zake, namupatsa dzina laulemu loti Pandita, kutanthauza mayi wophunzira kwambiri. M'chaka cha 1880 anakwatiwa ndi loya wina, Bipin Behari Medhavi, koma mu 1882 mwamunayo anamwalira ndi kolera. Ramabai anatsala ndi khanda kumanja, dzina lake Manorama.

Umasiye kumeneko unali ngati chilango. Mkazi wa banja lapamwamba akaferedwa ankametedwa mpala, ankadya kamodzi patsiku, ndipo sankaloledwa kukwatiwanso. Anthu ankamuona ngati watsoka. Popeza atsikana ankakwatiwa ali ana, ambiri mwa amasiyewa anali tiatsikana toti sitinakhalepo ndi mwamunayo m'nyumba. Ramabai anali ndi chimene iwo analibe, ndicho maphunziro. Chaka chomwecho anayambitsa bungwe la amayi la Arya Mahila Samaj mumzinda wa Pune, ndipo anakaima pamaso pa komiti ya boma yoona za maphunziro, kupempha kuti akazi aphunzitsidwe uphunzitsi ndi udokotala.

M'chaka cha 1883 anapita ku England, kumene anakhala ndi masisitere a Anglican a Community of St Mary the Virgin ku Wantage. Anabatizidwa komweko pa 29 Seputembala. Ankafuna kuphunzira udokotala koma vuto la kusamva bwino linamulepheretsa. Mu 1886 anapitirira ku America, ndipo mu 1887 anatulutsa buku lakuti The High-Caste Hindu Woman lofotokoza mavuto a akazi akwawo. Anthu amene anawerenga bukuli ndi kumva zoyankhula zake anasonkha ndalama zotsegulira sukulu.

Sukuluyo, Sharada Sadan, inatsegulidwa ku Bombay mu 1889 ndi ophunzira awiri okha, kenaka inasamukira ku Pune. Mmodzi mwa awiriwo anali Godubai, amene anaferedwa mwamuna akadali kamwana. Mu 1893 Godubai anakwatiwa ndi mphunzitsi wina, Dhondo Keshav Karve, ngakhale anthu anawanyoza ndi kuwasala. Banjali linadzipereka pa maphunziro a amasiye, ndipo mu 1916 a Karve anayambitsa yunivesite yoyamba ya akazi m'dziko la India. Mtsikana uja ankaonedwa ngati mtolo anathandiza kutsegulira njira anzake osawerengeka.

Ntchitoyi sinayende mopanda zokhoma. Atsikana ena atalowa Chikhristu, atsogoleri monga Bal Gangadhar Tilak anadzudzula Ramabai kwambiri, ndipo makolo ena anachotsa ana awo pasukulupo. Iye sanabwerere m'mbuyo. Njala itagwanso mu 1896 ndi 1897, anayenda yekha m'madera okhudzidwa kukatola atsikana amene anatsala opanda wowasamala, poopa kuti angagwe m'manja mwa anthu ochita malonda a uhule. Anawatengera kumunda umene anagula ku Kedgaon, namanga mudzi wotchedwa Mukti, kutanthauza chipulumutso. Pofika 1900 pamalopo panali anthu oposa 1,500.

Ku Mukti mtsikana sankangolandira chakudya. Ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba, komanso ntchito yoti adzadzidalire nayo: kuomba nsalu, kusoka, ulimi, kuweta ng'ombe za mkaka, ukalipentala, uphunzitsi ndi kusindikiza mabuku. Atsikana osaona ankaphunzira zilembo za Braille. Ramabai mwini anaphunzira Chihebri ndi Chigiriki, namasulira Baibulo lonse m'chiyankhulo cha Marathi, ndipo analisindikiza ndi atsikana omwewo a ku Mukti. Mu 1919 boma linamupatsa mendulo ya Kaisar-i-Hind. Manorama, amene ankayembekezeka kupitiriza ntchitoyi, anamwalira mu 1921, ndipo Ramabai anamutsatira pa 5 Epulo 1922. Mudzi wa Mukti ulipobe mpaka lero ndipo ukusamalabe amayi ndi ana.

Tikayang'ana kumene zonsezi zinayambira, tikupeza bambo mmodzi amene anakana kukwatitsa mwana wake msanga, ndi mayi mmodzi amene anakhala naye pansi kumuphunzitsa. Makolowo anamwalira ali osauka ndipo sanaone zipatso zake. Amayi anzanga, pakhomo pathu kapena pa achinansi athu pali mtsikana amene nkhani yake ya sukulu ikukambidwa chaka chino. Pokambirana nkhaniyo, mawu athu amvekenso.